Dzimbiri m'Dimba la aNambewe

Ana anga, Tadala ndi Yamikani, za ubwana wanga ndikuzidumpha. Ndinaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense, ndinakwapulidwa kusukulu ngati wina aliyense, palibe chachilendo. Chandikhazika pansi ndi cholembera n'china. Mwezi watha iwe Tadala utabwera kudzandiona unakwera pampando kuti utsitse chimanga chakuda ndi mwaye chija chili kudenga la khitchini, uli, "Ababa, zauvezi tipatse nkhuku." Ndinakukalipira mpaka unatsika, ndipo chifukwa chake sindinakuuze. Undikhululukire, mwana wanga. Pakamwa ndinalephera. Mukudziwa kuti nkhani ikakhudza mayi anu sinditha kuikamba. Ndiye ndati ndilembe, muwerenge nokha.

Nsaru, mwezi wa Epulo, chaka changa choyamba pantchito

Ndinafika ku Nsaru pa lole ya fodya, ndili ndi sutikesi imodzi, njinga yopanda mabuleki akumbuyo, ndi satifiketi ya ulangizi wa zaulimi imene ndinkaisamala kuposa Baibulo. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndinkayenda ngati mvula ndimagwetsa ndine. Bwana wathu wa dera anali a Gwaza, munthu wamfupi, waukhondo, wosaseka wamba. Sanali oipa ayi, musawaganizire choncho. Anali munthu wotopa. Muofesi munalibe mapepala, malipoti tinkalemba kuseri kwa makalata akale. Mankhwala opopera mbewu ankabwera kamodzi pachaka, ngati abwera n'komwe. Tayala la njinga likang'ambika tinkalisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Koma akuluakulu a kutauni ankafuna zooneka ndi maso, ndipo oyankha mafunso anali a Gwaza. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti, "Mnyamata, ntchito yako yoyamba ndi munda wachitsanzo wa chimanga cha m'dimba. Mbewu ya haibulidi ilipo, feteleza alipo thumba limodzi. Upeze dimba la m'mbali mwa msewu, ubzale msanga, kuti alendo akamabwera mu Ogasiti adzapeze chimanga chitamasula."

Dimba la m'mbali mwa msewu, lokhala ndi chitsime chosaphwa, linali la mayi wina wamasiye, aNambewe. Amenewa ndi agogo anu akuchikazi. Inu munawapeza atafatsa, akukusenderani nzimbe pakhonde. Nthawi imeneyo anali asanafatse, ha! Anali mayi wa mphamvu zake, lilime lakuthwa ngati lumo, wosaopa munthu wa tayi. Amuna awo anali atamwalira, n'kuwasiyira ana anayi. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula, moti nkhokwe yawo sinafike ndi theka lomwe. Aliyense ankaona kuti pofika Sepitembala m'nyumbamo mudzakhala mulibe ufa. Chiyembekezo chawo chonse chinali dimbalo.

Ndinawafotokozera zonse nditaimirira, manja m'thumba. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Alangizi, mwati tibzale liti?"

"Sabata yamawa, mayi. Meyi asanafike pakati."

"M'dambo muno? Kodi munayamba mwafikamo m'mawa dzuwa lisanatuluke?"

Ndinati ayi.

"Mudzafike mudzaone chitsimecho. Chimafuka ngati pali moto pansi. Amuna anga ankati chitsime chikamafuka m'mawa, mbewu ikhale kudenga. Chikasiya kufuka, ndiye ubzale. Ife kuno chimanga cha m'dimba timabzala mu Ogasiti."

Ndinaseka, ana anga. Mpaka lero ndikakumbukira kusekako ndimachita manyazi. Ndinati, "Mayi, chimanga sichiyang'ana chitsime. Chimafuna madzi ndi feteleza, basi. Mukabzala mu Ogasiti mudzadya liti? Bzalani tsopano, pofika Sepitembala ana adzakhala akukukuta dowe, anzanu asanapalire n'komwe."

Apo ndinawagwira pofooka. Anayang'ana kunkhokwe, anayang'ana ana, n'kunena kuti, "Chabwino. Inu ndinu ophunzira." Tinabzala dimba lonse, osasiyako mzere. A Gwaza anabwera okha kudzakhoma chikwangwani pamsewu, cholembedwa dzina la aNambewe ndi langa.

Mwezi wa Julayi, chaka chomwecho

Chimanga chinamera bwino koma chinkakula mwaulesi, chifukwa cha kuzizira. Juni wa chaka chimenecho anali woluma. M'mawa uliwonse dambo linkakhala mbuu ndi nkhungu, masamba atanyowa ndi mame mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ine sindinkadandaula. Ndinkati feteleza akagwira chidzathamanga.

Tsiku lina m'mawa, ndili muofesi, pakhomo panaima mtsikana. Anali Esinati, mwana woyamba wa aNambewe, amene ankathirira dimbalo tsiku ndi tsiku. Awa ndi mayi anu. Ndinali nditawaonapo kangapo atasenza makheni othiririra mbewu, koma tinali tisanalankhulane zoposa moni. Anagwada pakhomo, natambasula manja. Zikhatho zonse zinali zofiira ngati wagwira malata akale, ndipo chitenje chawo chinali ndi mizere yofiira m'mbali monse.

"Amayi akuti mubwere mudzaone chimanga chanu," anatero.

Mawu akuti "chanu" aja anandilasa. Ndinapalasa njinga ngati wopenga. Nditalowa m'dimbamo mtima unangoti phwii. Masamba onse am'munsi anali ndi timatuza tating'ono tofiira moderako, tikaphulika tikutulutsa fumbi. Ukangokhudza tsamba, chala chinkachoka chofiira. Ena anali atayamba kuuma kuchokera kunsonga. Linali dzimbiri la chimanga. Kusukulu tinaliphunzira theka la tsiku, pachithunzi, ndipo ine tsikulo ndiyesa ndinkasinza.

ANambewe anali ataima pachitsime, manja m'chiuno. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Alangizi, mankhwala ake muli nawo, eti?"

Ndinalibe. Kunkhokwe ya ofesi kunalibe ngakhale kabotolo.

Mawa lake ndinadzuka mbandakucha, ndinakwera njinga ndi masamba atatu m'thumba, ulendo wa kumalo ofufuzira zaulimi a kumsewu wa Mchinji. Ndinafika masana, miyendo ili gwa. Anandilozera kwa bambo wina wachikulire wa malaya oyera, amene ntchito yake inali matenda a mbewu. Dzina lawo sindinalifunse, n'kupusa kwanga kwina kumeneko. Anatenga tsamba, analiyang'ana pamwamba, kenako n'kulitembenuza.

"Mwabzala liti?"

"Mu Meyi, bwana."

"M'dambo?"

"Inde."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Anakuuzani ndani?"

Ndinaweramitsa mutu. Koma anali munthu wachifundo. Anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa zimene ndakhala ndikuphunzitsa ena moyo wanga wonse. Anati dzimbiri ndi kanthu kamoyo, mtundu wa nkhungu yomera patsamba. Fumbi lofiiralo ndi mbewu yake, ndipo limayenda ndi mphepo. Likatera patsamba louma silichita kanthu. Limafuna tsamba lonyowa kwa maola angapo, ndiponso nyengo yoliyenera. "Ndipo dzimbiri la chimanga lilipo la mitundu iwiri," anatero. "Lina limakonda kutentha. Timatuza take ndi tating'onoting'ono, towala ngati khungu la lalanje, ndipo timakhala pamwamba pa tsamba, kunsi n'kosowa. Limenelo kukamatentha ndiye limakondwa. Linalo ndi ili mwabweretsali. Taonani, timatuza toderako, totalikirapo, pamwamba ndi kunsi komwe. Ili limakonda kozizirira, ndi mame a m'mawa. Dambo la mu Juni ndi Julayi ndi kwawo. Koma masana akayamba kutentha kwenikweni, usiku n'kufunda, mame n'kumauma msanga, limafooka. Masamba odwalawo sachira, koma atsopano amatuluka oyera."

"Ndiye chimanga chipulumuka?"

"Chafika pati?"

"M'chiuno, bwana. Sichinamasule."

"Ngati kutentha kungafike masamba akumwamba asanagwidwe, mudzakololapo. Kukachedwa, mudzakolola mapesi. Ine sindilamula dzuwa, mnyamata."

Ndisanatuluke ndinawauza za chitsime chofuka, ndikuyembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anati, "Madzi a m'chitsime sasinthasintha. Akamafuka ndiye kuti mpweya wa m'mawa wazizira kuposa madziwo. Mayi amenewo ali ndi choyezera chabwino kuposa changa." Kenako anatsegula kabati n'kundibwereka kachipangizo koyezera kutentha, kagalasi kowonda kokhala ndi kamzere kofiira mkati. Anati ndikakapachike m'dimbamo, pamthunzi.

Kumapeto kwa Julayi

Nditabwerera ndinapeza a Gwaza atafika kale kudimba ndipo ataona zonse. Anandiitanira muofesi, natseka chitseko.

"Alendo akubwera pakatha masabata awiri. Sindingawaonetse manyazi amenewa. Uzule chonse, uotche. Tinena kuti tinaona matenda msanga ndipo tinateteza madimba ena."

Ndinati, "Bwana, madimba oyandikana nawo alibe chimanga, eni ake sanabzale. Ndipo ili ndi dzimbiri la kuzizira. Kukatentha lisiya."

"Lisiya liti? Undipatse tsiku."

"Tsiku sindingakupatseni."

"Ndiye zula."

"Bwana, chimenechi n'chakudya cha ana anayi."

Anasisita pamphumi. Kenako anati, "Ukuganiza kuti ine sindikudziwa? Ndili ndi ana inenso, ndipo amadya ntchito yomweyi. Ndikupatsa lamulo. Ukakana, ndilemba kalata kwa akuluakulu, ndipo chaka chako choyamba chino. Uganize bwino."

Ndinatuluka ndikuti ndikauze aNambewe kuti bwana akufuna kuzula koma ine ndiwateteza. Ndinkaganiza kuti andithokoza. Kalanga ine! Ndinawapeza akunola khasu.

"Abwana anuwo anena zoona," anatero. "Tizule. Chitsime chikangosiya kufuka ndibzala chimanga changa, chamakolo, monga timachitira."

Anandilowetsa m'khitchini n'kundilozera kudenga. Kunali chimanga chomangidwa ndi makoko ake, chitapachikidwa pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Chinali chochepa, chokwana munda umodzi basi. Anati chimenechi ndi chimene amuna awo ankasankha chaka ndi chaka, cha maso olimba, chokonoka bwino mumtondo. Inali mbewu ya kumunda waukulu, yodikira mvula ya Novembala.

Apa mumvetse bwino, ana anga, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Akanazula dimba n'kubzalamo mbewu ija mu Ogasiti, kumunda waukulu kukanakhala kopanda chobzala mvula ikagwa. Ndipo chimanga chamakolo chimachedwa kucha. Dimbalo linali pansi penipeni pa dambo, mvula ikakhazikika limamira. Zaka zina ankabzalamo pang'ono, chodyera dowe, mbewu ya kumunda ili padera. Chaka chimenecho yapadera panalibe. Akanataya dimba, akanataya munda, ndiponso mbewu ya malemu amuna awo ikanathera m'matope. Zonsezi chifukwa cha mnyamata mmodzi wa satifiketi.

Ndinagwada, ine amene ndinkalankhula nawo manja ali m'thumba. Ndinati, "Mayi, ndinalakwa ndine. Munandiuza za chitsime, ndinaseka. Koma ndikupempheni, musazule. Ndipatseni masabata atatu."

"Ndikumvereninso kachiwiri? Alangizi, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu mawa akusamutsani, mukaseka kwina. Njala idzatsala ndi ife."

Amene anayankha anali Esinati, ali pakhomo ndi lichero m'manja. Analankhula motsitsa, osayang'ana aliyense. "Amayi, ngakhale tizule lero, chitsime chikufukabe, sitibzala. Bwanji chikhale mpaka tsiku lobzala? Sitiluza kanthu."

ANambewe anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutsamiritsa khasu kukhoma. "Mpaka chitsime chisiye kufuka. Tsiku limenelo ndikuzula, ndipo munthu asandigwire dzanja."

Mawa lake ndinakauza a Gwaza kuti sindizula. Sanakweze mawu. Anatenga pepala, nalemba ine ndili pomwepo. Madzulo ake anatuma munthu kukazula chikwangwani chija pamsewu, ndipo alendo atabwera anawatengera kukaona khola la nkhumba kumudzi wina. Anthu a pa Nsaru sachedwa kupeka dzina. Pamsika anayamba kunditchula kuti a Dzimbiri.

Mwezi wa Ogasiti

Masiku amenewo sindidzawaiwala. M'mawa uliwonse dzuwa lisanatuluke ndinkakhala ndili m'dimba. Kagalasi kaja tinakapachika pamtengo wa gwafa pafupi ndi chitsime. Tinasintha kathiriridwe. Kale Esinati ankathirira madzulo, akuwaza madzi pamasamba pomwe, ndiye masamba ankagona onyowa. Tsopano tinkathirira m'mawa, patsinde pokha, titachotsa chosefera cha kukamwa kwa kheni. Ine kheni imodzi, iye kheni imodzi. Manja anga a kusukulu anatuluka matuza sabata yoyamba, ndipo mayi anu anandiseka osabisa. "Alangizi, nanunso mwagwidwa dzimbiri?"

Kuwerenga kagalasi anaphunzira tsiku limodzi. Ankakawerenga m'mawa ndi masana, n'kulemba ndi khala pathabwa. Ine ndikamapita kumidzi ina masana, pobwera ndinkapeza atalemba. Sindinkafunikira kuwerenga thabwalo, nkhope yawo inkandiuziratu. Kamzere kakakwera ankandichingamira kumsewu. Kakatsika ndinkawapeza akuzula udzu, osadzutsa mutu.

Sabata yoyamba kunayamba kufunda pang'ono, mtima unakhala m'malo. Sabata yachiwiri kunabwera mphepo ya kum'mwera, ya mitambo yotsika ndi kamvula kowaza. Masiku anayi dzuwa osaoneka. Dzimbiri linakwera masamba awiri ena, mpaka kufika pa tsamba la pansi pa pomwe chimanga chimaberekera. Ndinaima pakati pa mizere, buluku lonse lofiira, ndipo ndinalira. Inde, bambo anu ndinalira m'dimba la eni ake. Esinati anaona, koma anachita ngati sanaone. Anangonditengera kheni yanga n'kukaitunga yekha, n'kudzaiika pamapazi anga. Anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thirirani, mzere uwu sunathe." Ndikuganiza kuti ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti mkazi wina sindidzamufunanso.

Mphepo ija itapita, dzuwa linabwera ndi ukali. Masana kamzere kofiira kanakwera kufika pomwe kanali kasanafikepo. Usiku anthu anayamba kukankha mabulangete. Mame ankauma ndisanamalize mzere woyamba. Koma ine ndinkaopa kukhulupirira. Ndinkayang'ana masamba am'munsi, ouma, ofiira, ndipo mtima sunkandilola kuyang'ana kumwamba.

Ndiye linafika tsiku lija. Ndinatsika njinga m'mawa, n'kuona aNambewe ataima pachitsime, khasu paphewa. Pambali pawo panali lichero, ndipo m'licheromo munali mbewu ija ya kudenga, atatsitsa yonse. Ndinayang'ana chitsime. Madzi ali phee, opanda ndi kautsi komwe.

"Chasiya kufuka," anatero. "Tinapangana."

Taonani zinthu zake, ana anga. Chizindikiro chinali chimodzi. Kwa iwo chinkati nthawi yobzala yakwana, zula. Kwa ine chinkati kuzizira kwatha, dzimbiri lagonja, usazule. Ndipo tonse awiri tinkanena zoona.

Ndinati, "Mayi, tinapanganadi. Dzanja sindikugwirani. Koma musanatemepo, tiyeni tilowe limodzi, muone masamba akumwamba. Inenso sindinawayang'ane, ndikuopa."

Anandiyang'ana ngati akufuna kunditukwana, koma analowa. Chimanga chinali chitawapitirira msinkhu, ngayaye zitayamba kutuluka. Anagwira phesi limodzi n'kuliweramitsa. Tsamba lakumwamba linali lobiriwira bii, losalala. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linali ndi timadontho tiwiri touma, tosatulutsa fumbi. Analipukuta ndi chala, nayang'ana chalacho. Choyera. Kenako, popanda wowauza, analitembenuza tsambalo n'kuyang'ana kunsi, monga ankandionera ine ndikuchita. Anapita paphesi lina, ndi lina, mpaka kumapeto kwa mzere. Pamapesi ambiri ndevu zinali zitayamba kusuzumira.

Anabwerera pachitsime. Anatsitsa khasu. Ine mtima uli m'mwamba, Esinati atagwira pakamwa. Kenako anati, "Esinati, tenga licheroli. Ukabwezere kudenga. Umange bwino, mfundo ziwiri, makoswe asagwetse." Atatero anatembenukira kwa ine. "Inu mwaimiranji? Chimanga chikamasula chimamwa madzi ngati ng'ombe. Tengani kheni."

Okutobala ndi Novembala

Sitinakolole zodabwitsa, ndisakunamizeni. Chimanga chinali chaching'ono, china cha maso ochepa, chifukwa masamba am'munsi anali atafa msanga. Tinapeza mwina theka la zimene chikwangwani chija chinkalonjeza. Koma theka limenelo linawasunga ana aja kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka maungu ndi dowe za kumunda zitayamba. Ndipo mvula yoyamba itagwa, mbewu ya kudenga inapita kumunda waukulu, kumene inkayenera kupita.

Kalata ya a Gwaza inagwira ntchito yake. Mu Novembala ndinalandira uthenga woti ndasamutsidwira ku Kabudula, kudera lakutali ndi msewu, kunyumba yodontha. Pondipatsa kalatayo a Gwaza anati, "Ndinalemba zoona, kuti unakana lamulo. Ndalembanso zoona zina, kuti chimanga chinabereka. Ziwiri zonsezo zili m'faelo yako." Patapita zaka tinadzagwiranso ntchito limodzi ku Nambuma, ndipo tinkadyera mbale imodzi.

Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika. ANambewe anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinati, "Mayi, munanena zoona. Mlendo ndi mame." Analowa m'khitchini n'kutuluka ndi ngala ziwiri za chimanga chamakolo chija, zimene anasunga osabzala, zomangidwa pamodzi ndi makoko. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Mukabzale kumeneko. Mukadzafuna ina, njira mukuidziwa. Koma mukadzabwera musadzabwere nokha ngati wakuba, mudzabwere ndi amalume anu."

Ndinayang'ana kumene kunali Esinati. Anali atathawira kuseri kwa nkhokwe.

Amalume anga ndinapita nawo chaka chotsatira. Kuyambira tsiku la chinkhoswe sindinakanganenso ndi aNambewe maso ndi maso, mwambo wa upongozi sulola. Akafuna kunditsutsa ankatuma mayi anu. Ndipo ankatuma kawirikawiri.

Namitete, chaka chino

Ndagwira ntchito ku Kabudula, ku Nambuma, ku Mpingu, n'kudzapumira kuno ku Namitete. Kulikonse kumene ndapita, mlimi akandibweretsera tsamba lofiira, choyamba ndinkalitembenuza, chachiwiri ndinkafunsa kuti m'mawa kukuzizira bwanji kwawoko. Ndipo ndisanauze munthu tsiku lobzala, ndinkayamba ndafunsa kuti makolo ake ankaonera chiyani. Zaka zomaliza ndinayamba kukumana kwambiri ndi dzimbiri linalo, lowala, lokonda kutentha, m'minda ya dzinja. Limenelo ukamuuza munthu kuti dikira dzuwa wamupha. N'chifukwa chake ndinkawauza alangizi achinyamata kuti nkhani yanga ya ku Nsaru asaitenge ngati lamulo. Ayambe atembenuza tsamba. Kaya ankamva, kaya ankangoti madalawa ayambanso, sindikudziwa.

Ngala ziwiri zija ndinazibzala ku Kabudula kuseri kwa nyumba yodontha ija. Kuchokera pamenepo sitinadumphitse chaka. Kulikonse kumene tinkasamukira, mayi anu ankanyamula mbewuyo pamiyendo, m'lole, osalola kuti ikhale kumbuyo ndi mipando. Haibulidi tinkalima, inde, ndine mlangizi. Koma mizere khumi ya kuseri kwa nyumba inali ya chimanga cha agogo anu aamuna, amene ine sindinawaone ndipo inu simunawaone. Phala limene munkalikonda lija, Yamikani, lonunkhira lija, linali la chimenechi. Chaka chilichonse pokolola mayi anu ankasankha okha ngala zabwino, n'kuzimanga mfundo ziwiri monga anawauzira amayi awo tsiku lija pachitsime, n'kuzipachika kudenga.

Chimene chili kudengacho anamanga mu Meyi chaka chatha, akudwala kale. Anakhala pampando, ine ndikuwapatsira. Manja ankanjenjemera, ndinati ndimange ndine, anakana. Anati, "Inu mfundo zanu zimamasuka, a Dzimbiri." Ndi iwo okha amene anapitiriza kunditchula dzina limenelo, ndipo pakamwa pawo linkakoma. Mu Ogasiti anatisiya.

Mvula ya chaka chatha itagwa ndinakwera pampando kuti nditsitse. Ndinagwira mfundoyo, ndipo ndinalephera. Ndinatsika. Mizere khumi ija inagona, koyamba chiyambire ku Kabudula. Ndawasowa mayi anu, ana inu, ndawasowa koopsa, ndipo mfundo imeneyo ndi chinthu chomaliza chimene manja awo anagwira m'nyumba muno n'kukhalabe momwe anachisiyira.

Koma ndine mlangizi, ndikudziwa zimene ndikuchita. Mbewu siikhala kudenga mpaka kalekale. Yadumpha kale dzinja limodzi. Ikadumphanso lino, yambiri siidzamera, ndipo chimene aNambewe anachibweza kudenga tsiku lija chidzathera m'manja mwanga, osati ndi dzimbiri, koma ndi ine. Ndayesanso kawiri mwezi uno. Manja akukanabe.

Ndiye Tadala, iwe unali utakwera kale pampando. Mvula yoyamba ikagwa, bwera udzakwerenso, sindidzakukalipira. Umasule ndiwe. Yamikani abwere ndi khasu. Mapando ndidzakhala nditakumba.